Mchere sungachotse chiseyeye

Mayi wina wogulitsa matemba ouma a ku nyanja ya Chirwa anabwera kwa ine kuno ku Insaca mano anayi akutsogolo akugwedera. Nkhama zinali zofiira, zotupa, pena zong'ambika. Nditawafunsa kuti, "Mayi, mwakhala mukutani nazo?" anandiyankha mosakayika kuti m'mawa uliwonse amatikita ndi mchere wamibulu wosakaniza ndi makala mpaka magazi oipa atuluke. Mtima unandiwawa, chifukwa mayiwa si aulesi. Amasamala m'kamwa mwawo kuposa anthu ambiri, koma anaphunzitsidwa zolakwika.

Nkhani ya magazi oipayi ndatopa nayo. Ndaimva kwa asodzi, kwa aphunzitsi, kwa amalonda a pasiteshoni ya Entre Lagos. M'nkhama mulibe magazi oipa. Magazi amene mumalavula ndi omwewo amene ali mumtima mwanu. Akutuluka chifukwa m'mphepete mwa dzino mwaunjikana utoto woyera wodzaza tizilombo, umene ife a zamano timati placa. Ukapanda kutsukidwa, umasakanikirana ndi kashiamu wa m'malovu n'kuuma gwa ngati nkhoko pansi pa mphika. Ukafika apo timati tártaro. Mchere suusungunula, mswachi suuchotsa. Umafuna chitsulo cha kuchipatala. Ukasiyidwa umalowera pansi pa nkhama, fupa logwira dzino limayamba kudyeka, ndipo fupa limenelo silibwerera lokha. Dzino labwinobwino, lopanda bowo, limangoguluka.

Mibulu ya mchere imacheka nkhama zodwala kale. Makala amapala chikuto cholimba cha dzino, chimene sichimeranso, n'chifukwa chake ena amamva kunyung'unya akamwa madzi ozizira. Chidulo nachonso musatsukire mano, chisiyireni therere. Ndipo amene mumaika Aspirin pankhama, dziwani kuti mumadziwotcha ndi asidi.

Mchere sindikuukana. Theka la kasupuni ka tiyi m'kapu ya madzi ofunda owiritsa, osungunula bwino, kuchukucha n'kulavula, kumatonthoza zilonda za m'kamwa. Amene achotsedwa dzino timawauza zomwezi, koma adikire tsiku lathunthu kuti magazi oundana pabalapo asachoke. Odwala BP asameze. Ntchito ya mcherewu ndi yomweyo, kutonthoza.

Tsukani kawiri patsiku, makamaka pogona, mofatsa, pamene dzino lakumana ndi nkhama, ngakhale pakutuluka magazi. Mswachi wamtengo wotafunidwa bwino umathandiza ndithu. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, amene bungwe la WHO linawaika m'gulu la mankhwala ofunikira mu 2021. Ndikudziwa kuti si banja lililonse lingawakwanitse mwezi ndi mwezi. Magazi akapitirira milungu iwiri bwerani tikuoneni, pakuti nthawi zina kumbuyo kwake kumakhala shuga, HIV, pathupi kapena kusowa zipatso. Tsaya likatupa, thupi n'kutentha, musagonere, ngakhale zitafuna ulendo wa ku chipatala cha ku Cuamba.