Sitima zazing'ono za ku Galápagos: alendo ochepa, nyama zochuluka

Tayang'anani chitseko cha nyumba yanu. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita awiri. Ku zilumba za Galápagos, mamita awiri amenewo ndi lamulo. Mlendo saloledwa kuyandikira nyama kupitirira pamenepo. Nyama ikagona panjira, amapatuka ndi munthu. Komabe anthu amalipira ndalama zambiri kuti akafike kumeneko. Lero tiwerenge za maulendo awo apasitima, ndipo tione chimene chimasunga nyamazo.

Zilumbazi zili kuti?

Galápagos ndi zilumba za dziko la Ecuador, ku South America. Zili m'nyanja yamchere ya Pacific, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kumtunda. Zinapangika ndi mapiri ophulika, n'chifukwa chake malo ambiri ndi a miyala yakuda.

Kumeneko kuli nyama zimene simungazipeze kwina kulikonse. Kuli afulu akuluakulu. Ena amalemera makilogalamu opitirira 200 ndipo amakhala ndi moyo zaka zoposa 100. Kuli abuluzi akuda amene amadumphira m'nyanja kukadya ndere. Buluzi wodya m'nyanja yamchere ndi yekhayu padziko lonse. Kulinso mbalame za mapazi abuluu, zimene zimavina pofunsira zazikazi.

Nyama zambiri za kumeneko siziopa munthu. Kwa zaka zambirimbiri zinkakhala popanda anthu ndiponso popanda zilombo zozigwira. Katswiri wa zachilengedwe Charles Darwin anafikako mu 1835 pa sitima yotchedwa Beagle, ndipo anakhalako masabata asanu. Zimene anaona zinatchukitsa zilumbazi.

Tsiku limodzi pasitima

Tiyerekeze kuti inu ndinu mmodzi wa alendowo. Mwatera pa ndege ku Baltra kapena ku San Cristóbal. Katundu wanu amusecha kale, kuti musalowetse mbewu, zipatso kapena tizilombo. Kenako mukukwera sitima imene mudzagonamo masiku anayi, asanu kapena asanu ndi atatu. Sitima zambiri zimatenga alendo 16 okha. Yaikulu kwambiri siloledwa kupitirira alendo 100.

Sitima imayenda usiku inu muli m'tulo. Kukacha mumadzuka muli pa chilumba china. Sitimayo imaponya nangula patali ndi gombe. Inu mumatsikira m'kabwato ka mphira, kamene kumeneko amakatcha panga. Malo ena mumatsikira pamwala pouma. Malo ena mumavula nsapato n'kuponda m'madzi.

Kumtunda simuyenda nokha. Mumatsatira wotsogolera alendo amene ali ndi chilolezo cha boma. Wotsogolera mmodzi sayenda ndi anthu opitirira 16. Njira ili ndi zikhomo, ndipo simuloledwa kuchoka m'njiramo. Simugwira nyama. Simuipatsa chakudya. Simutola chigoba, mwala kapena nthenga. Masana mumavala galasi la m'maso n'kusambira pamodzi ndi nsomba ndi akamba am'madzi. Madzulo wotsogolera uja amakufotokozerani za ulendo wa mawa.

N'chifukwa chiyani sitima zake ndi zazing'ono?

Sitima zina zoyendera alendo padziko lapansi zimanyamula anthu opitirira 5,000. Taganizirani anthu onsewo atatsikira pa kagombe kamodzi pamene mbalame zaikira mazira. Mazira angaphwanyike. Mbalame zingathawe zisa zake. Zinyalala nazo zingachuluke.

Sitima yaing'ono imalowa m'malo opanikiza, mmene yaikulu singafike. Anthu ochepa sapanga phokoso, choncho amaona zambiri. Koma kuchepa kwa sitima pakokha sikokwanira. Sitima zazing'ono 20 zitakumana pamalo amodzi, vuto lingakhale lomwelo. N'chifukwa chake akuluakulu a pakiyo ndiwo amalemba kumene sitima iliyonse idzapite. Kuyambira mu 2012, sitima siloledwa kubwerera pamalo amodzimodzi masabata awiri asanathe. Malo nawo amafuna kupuma, ngati munda wogonekedwa.

Malamulowa anabwera ataluza kale

Musaganize kuti zinthu zinali chonchi kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1800, amalinyero osaka anamgumi ankatola afulu zikwizikwi n'kuwaunjika m'sitima. Fulu amatha miyezi yambiri osadya, osamwa. Kwa amalinyerowo, imeneyo inali ndiwo yosawola. Mitundu ina ya afulu inatheratu.

Anthu anabweretsanso mbuzi, nkhumba, makoswe ndi amphaka. Mu 1959 asodzi anasiya mbuzi zitatu pa chilumba cha Pinta. Patapita zaka zochepa zinaswana n'kukhala zikwizikwi, ndipo zinamaliza msipu wa afulu. Mu 1971 pachilumbapo panapezeka fulu mmodzi yekha wamwamuna. Anam'patsa dzina loti Lonesome George, kutanthauza George wosungulumwa. Anamusamalira zaka 40, koma sanasiye mwana. Anafa pa 24 Juni 2012, ndipo mtundu wake unathera pomwepo. Kuchotsa mbuzi inakhala ntchito yaikulu. Pakati pa 1997 ndi 2006 anapha mbuzi zoposa 140,000 pa zilumba zingapo, ena akuwombera ali m'helikopita.

Ecuador inakhazikitsa pakiyo mu 1959. Magawo 97 pa magawo 100 a nthaka ya zilumbazi ndi otetezedwa. Mu 1978 bungwe la UNESCO linaika Galápagos pa mndandanda woyamba wa chuma cha dziko lonse. Mu 1998 madzi ozungulira zilumbazo anatetezedwanso.

Maulendo a alendo nawo ali ndi ngozi zake. Sitima zimafuna mafuta. Mu Januwale 2001 sitima yonyamula mafuta yotchedwa Jessica inagunda miyala pafupi ndi San Cristóbal. Mafuta anatayikira m'nyanja, ndipo abuluzi am'madzi ambiri anafa pa chilumba cha Santa Fe.

Ndalama zimapita kuti?

Ku Galápagos kumakhalanso anthu, pafupifupi 30,000. Ali pa zilumba zinayi: Santa Cruz, San Cristóbal, Isabela ndi Floreana. Ambiri amadalira alendo. Ena ndi oyendetsa maboti, ophika, otsogolera alendo, asodzi ndi alimi ogulitsa zokolola.

Mlendo aliyense amalipira polowa. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2024, munthu wamkulu wochokera kumayiko akutali amalipira madola 200. Kale inali 100. Ndalamazo zimagawidwa: zina ku paki, zina ku maboma a m'zilumbamo.

Koma nkhani siithera pamenepo. Mlendo wapasitima amadya m'sitima ndipo amagona m'sitima. Ngati mwini sitima amakhala kutali, phindu lalikulu limapitanso kutali. Pofuna kupeza gawo lawo, eni dera anamanga mahotela ndi nyumba zogona alendo m'matauni monga Puerto Ayora. Alendo ogona kumtunda anachuluka kwambiri. Mu 2023 alendo onse anapitirira 300,000. Zimenezi zabweretsa ntchito, koma zabweretsanso zinyalala, vuto la madzi abwino ndi katundu wambiri wolowa ndi tizilombo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Funso la anthu a kumeneko ndi ili: tilandire alendo angati kuti tipeze chakudya, osapha chimene alendowo amadzera?

Nanga kwathu kuno?

Funso limeneli ndi lathunso. Nyanja ya Niassa ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala, totchedwa mbuna, ndi timene alendo amabwera kudzaona. Ena amafika pa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, n'kutsika pa Likoma, moyang'anana ndi Cobué. Mu 2011 boma la Mozambique linateteza mbali yathu ya nyanjayi.

Malamulo a dziko lathu amanena kuti magawo 20 pa magawo 100 a ndalama za msonkho wa m'malo otetezedwa azipita kwa anthu okhala m'deralo. Inu amene mukuphunzira kuwerenga, apa ndi pamene sukulu ikuthandizeni. Boti la alendo likamakocheza pagombe lanu, mungathe kuwerenga chilolezo chake. Mungathe kufunsa komiti ya m'mudzi kuti yalandira zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Mungathe kuona ngati manambala a papepala akugwirizana ndi zimene mukumva pamsonkhano.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nsomba zikatha chifukwa chokokera ndi neti yotetezera udzudzu, iye adzapita kunyanja ina. Otsala ndi gombe lopanda kanthu ndi ife ndi ana athu.

Mawu oti tiwadziwe

Chilumba: malo ouma ozunguliridwa ndi madzi mbali zonse.
Nangula: chitsulo cholemera choimitsira sitima pamadzi.
Paki: malo amene boma lapatula kuti nyama ndi zomera zisungike.
Chilolezo: pepala la boma lovomereza munthu kugwira ntchito inayake.

Tikambirane m'gulu

1. Wotsogolera mmodzi amayenda ndi alendo 16. Sitima ya alendo 96 ikufunika otsogolera angati?
2. Mbuzi zitatu zinabweretsa vuto lanji pa Pinta?
3. Kodi kwanuko kuli nyama, nsomba kapena mtengo umene agogo anu ankauona wambiri koma lero ukusowa? Lembani dzina lake m'kope lanu, ndipo pansi pake mulembe lamulo limodzi limene lingauteteze.