Matabuleti m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4: zimene anthu a kwa Nsabwe ayenera kudziwa

Kwa anthu ambiri a m'dera la Mfumu Yaikulu Nsabwe, mawu akuti tabuleti akhala akutanthauza mankhwala amene wodwala amalandira ku chipatala cha Thekerani. Tsopano mawu omwewa apeza tanthauzo lachiwiri: kachipangizo kagalasi, kokulirapo kuposa foni ya m'manja, kamene boma likufuna kuti mwana aliyense wa Sitandade 1 mpaka 4 azikagwiritsa ntchito pophunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Ndondomekoyi imatchedwa BEFIT. Inayamba m'chaka cha 2023 m'sukulu 500, ndipo cholinga cha Unduna wa Zamaphunziro n'chakuti pofika 2029 ikhale itafika m'sukulu zonse za pulayimale za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000. Sukulu za kwa Nsabwe zili m'chiwerengero chimenechi, choncho n'koyenera kuti makolo, mafumu ndi makomiti adziwe chimene chikulowa m'makalasi a ana awo.

Gwero la nkhaniyi ndi kuchuluka kwa ana. Maphunziro aulere atayamba mu 1994, ana a pulayimale anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana osaposa 60, koma m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100. M'kalasi yotero mphunzitsi amaphunzitsa khamu. Mwana amene sanamve kusiyana kwa b ndi d amayankha limodzi ndi anzake, mawu ake n'kubisala m'phokoso, ndipo amatha kufika Sitandade 3 asanawerengepo yekha chiganizo chimodzi.

Aka si koyamba kuti chipangizo chiitanidwe kudzathandiza mphunzitsi. Ambiri akukumbukira pologalamu ya pa wailesi ya Tikwere, imene inkamveka m'makalasi kumapeto kwa zaka za m'ma 2000, komanso maphunziro a pa wailesi a mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha COVID-19. Wailesi inathandiza, koma imalankhula kamodzi kwa onse, ndipo siidikira wotsalira. Apa ndi pamene tabuleti ikusiyana nayo.

Maphunziro a m'matabuletiwa anakonzedwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion. Anayesedwa mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mothandizana ndi bungwe la VSO, ndipo katswiri wa ku University of Nottingham, Nicola Pitchford, anapeza kuti ana amene anagwiritsa ntchito tabuleti kwa mphindi 30 patsiku kwa masabata 8 anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo amene anaphunzira mwa nthawi zonse. Ntchitoyi inakula pansi pa dzina lakuti Unlocking Talent, ndipo mu 2019 onebillion inali limodzi mwa magulu awiri amene anapambana mpikisano wa padziko lonse wa Global Learning XPRIZE. BEFIT ndi pamene boma latenga ntchitoyi kukhala yake, likugwira limodzi ndi Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Mwana amalandira tabuleti ndi zomvera m'makutu. Mawu a m'Chichewa a mphunzitsi wa m'chipangizomo, amene anamutcha Alefa, amamulangiza chochita: kukhudza chilembo, kulondola nambala ndi chala, kuwerenga zinthu zojambulidwa, kumvetsera nthano. Poyamba chipangizo chimamuyesa ndi mafunso ochepa kuti chidziwe pamene wafika, kenaka chimamupatsa ntchito yolingana ndi msinkhu wa nzeru zake. Akalakwa amauzidwa pomwepo n'kuyesanso, popanda womuseka. Motero ana awiri okhala pa mkeka umodzi akhoza kukhala pa maphunziro osiyana, wina akuphunzira maliwu a zilembo pamene mnzake akuwerenga ndime. Zonse zili kale m'kati mwa tabuleti, moti sipafunika intaneti kapena kugula mayunitsi. Matabuleti amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo sakwanira mwana aliyense nthawi imodzi. Amayenda kuchoka kalasi ina kupita ina motsatira ndandanda ya tsikulo.

Ana savuta. Mwana wa zaka 6 amene sanagwirepo foni amazolowera galasi m'masiku ochepa, chifukwa saopa kuwononga. Amene amafunika nthawi ndi akuluakulu. Mphunzitsi amene wagwira choko zaka 20 ali ndi zifukwa zomveka zochitira mphwayi. Pali mantha akuti tabuleti ikasweka m'manja mwake adzalipira ndi malipiro ake. Pali ntchito yowonjezera yotulutsa, kugawa, kuwerenga ndi kubweza zipangizo, zomwe zikapanda dongosolo zimadya theka la nthawi ya phunziro. Palinso nkhawa ina imene sinenedwa poyera, yakuti makina abwera kudzalanda ntchito. Nkhawa yomalizayi ilibe maziko. Alefa sangadziwe kuti mwana wakhala chete chifukwa cha njala kapena malungo, sangaone kuti wina wavala zomvera m'makutu koma akungogogoda galasi mwachisawawa, ndipo sangamugwire dzanja pomuphunzitsa kagwiridwe ka pensulo. Tabuleti imatenga pafupifupi theka la ola. Maola ena onse ndi a mphunzitsi, bolodi ndi buku.

Choopsa chenicheni ndi china. Chipangizo chamtengo wapatali chikafika pa sukulu, mtima woyamba wa woyang'anira umakhala wochitsekera m'kabati kuti chisawonongeke, n'kumachitulutsa tsiku limene kukubwera alendo. Mabuku ambiri anathera m'makatoni mwa njira yomweyi, chiswe n'kuwerenga m'malo mwa ana. Phindu limene linaoneka ku Biwi linabwera chifukwa ana ankagwira matabuleti tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, amene ambiri amangomutchula kuti a PEA, ayenera kufunsa kaye kuti ana agwiritsa ntchito kangati sabata ino asanafunse kuti matabuleti alipo angati. Aphunzitsi achinyamata ochokera m'makoleji monga Amalika, yomwe ili m'boma lomwe lino, kawirikawiri amafika atazolowera kale zipangizo zotere, ndipo mphunzitsi wamkulu wanzeru amawaphatikiza ndi achikulire kuti aphunzitsane popanda wina kuchita manyazi.

Thyolo ali ndi zake zimene wokonza ndandanda ku Lilongwe sangaziganizire. Choyamba ndi chiperoni. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imatha kuphimba mapiri masiku angapo otsatizana, ndipo mapanelo a sola amakoka mphamvu yochepa. Nthawi yotero batire ya sukulu siyenera kugawidwa. Chizolowezi chopempha kutchajitsako foni chimaoneka chaching'ono, koma mafoni khumi a anthu oyandikana ndi sukulu akhoza kuchititsa kalasi yonse kusowa phunziro m'mawa mwake. Mapanelo amafunanso kupukutidwa fumbi m'chilimwe.

Chachiwiri ndi nyengo yothyola tiyi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, makolo ogwira ntchito m'maesiteti ndi alimi a tiyi ang'onoang'ono amalawira mbandakucha, ndipo ana aang'ono amatsala akudzikonzekeretsa okha kapena kulera azing'ono awo. Iyi ndi nyengo yomweyo imene mitsinje imadzaza ndi njira za m'zitunda zimaterera. Mwana wojomba masiku awiri pa sabata amataya gawo lalikulu la nthawi yake ya pa tabuleti, ngakhale chipangizocho chili ndi ubwino wakuti akabwerera chimayambira pamene iye ali. Magulu a amayi a pa sukulu, amene kale amalondola ana ojomba, ali ndi gawo lalikulu pano. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anakumbutsanso kuti chipinda chosungira zipangizo chiyenera kukhala cha denga lolimba ndi pamalo osafika madzi.

Chachitatu ndi chitetezo. Wakuba amakopeka kwambiri ndi mapanelo, mabatire ndi mawaya, chifukwa izi zimagulika msanga pa msika. Tabuleti yeniyeniyo inakonzedwera maphunziro a ana, moti wogula amene akuyembekeza kupezamo WhatsApp kapena mafilimu amangotaya ndalama zake, ndipo uthenga umenewu ndi woyenera kulengezedwa m'misonkhano ya m'midzi ndi m'mipingo. Mutu umodzi susenza denga: mlonda wa sukulu payekha sangateteze katundu wotere ngati a nyakwawa ndi achitetezo cha m'mudzi sakuyendera pa sukulupo usiku, makamaka pa tchuthi.

Komiti yoyendetsa sukulu ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi ndizo zoyenera kugwirizana za malipiro a mlonda, zitsulo za m'mawindo ndi loko wa chipinda, n'kuziika m'dongosolo la chitukuko cha sukulu. Zimene zaposa mphamvu ya sukulu, monga denga lodontha kapena kusowa kwa chipinda chokhoma, zipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, kenaka ku ADC, kuti khansala wa wodi akazitule ku khonsolo. Kholo nalo lili ndi njira yake yoyezera ngati ntchitoyi ikuyenda. Madzulo, mwana apatsidwe pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa, kaya ndi nkhani ino, kuti aloze zilembo zimene akuzidziwa, ndipo afunsidwe ngati lero anagwira tabuleti. Yankho likakhala lakuti ayi kwa sabata yathunthu, nkhaniyo ifike kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa wapampando wa komiti Lolemba lotsatira.