Mwachira Korona, Nanga Mtima Wachira?

Pali mawu amene ndatopa nawo m'chipinda changa choonera odwala, ndiwo akuti, "Korona ija ndinachira kale, adokotala, izi ndi zina." Anandiuzanso chomwecho mayi wina, mphunzitsi, amene anachirira kunyumba osagonekedwa m'chipatala, koma chichirire chake sanathenso kukwera kamtunda ka kusukulu popanda befu, mapazi akumtupa madzulo, usiku akugona chokhala. Abale anati ndi maganizo, ena anati magazi achepa, nammwetsa madzi a masamba a mapeyala. Koma titaujambula mtima wake, tinaupeza utakula ndi kufooka.

Ambirife tinaphunzira kuti Covid-19 ndi nthenda ya mapapo, pakuti tinaona abale athu akulimbana ndi mpweya m'masiku owawa aja a Januwale 2021, pamene mliri unatilanda nduna ziwiri tsiku limodzi. Koma kachilomboka, pofuna kulowa m'thupi, kamagwira pa khomo lina limene ife timalitcha ACE2, ndipo khomo limeneli lilinso m'mitsempha ya magazi ndi mu mtima momwe. Thupi likadzuka kumenyana nako, mitsempha imatupa mkati, magazi sachedwa kuundana, ndipo mwa ena mnofu wa mtima umatupanso, nthenda imene timati myocarditis. Chifuwa chikatha ndi malungo atazizira, nkhondo yamkatiyi ingathe kupitirira mwakachetechete. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Izi sindizinena za m'mutu mwanga. Mu 2022, Ziyad Al-Aly ndi anzake ku America anafalitsa mu Nature Medicine kafukufuku wa asilikali akale oposa 150,000 amene anadwala Covid-19, napeza kuti m'chaka chotsatira, chiopsezo cha kulephera kwa mtima chinakwera ndi 72 pa 100, ndipo cha sitiroko ndi 52 pa 100, poyerekeza ndi amene sanadwale. Ngakhale ochirira kunyumba sanapulumuke onse, chinkana kuti ogonekedwa ndiwo anali pangozi yaikulu. Zoona, ambiri mwa asilikaliwa anali amuna achikulire, odwala katemera asanafale, choncho ziwerengerozi sitingazisenzere kwathu kuno monga zilili. Koma m'Malawi muno, mmene kafukufuku wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa, mitima yochuluka inakumana ndi mliriwu ili yolema kale, ndipo kuuza munthu wotere kuti befu lake ndi maganizo chabe, usanamuyeze, ndi kumchimwira.

Musachite mantha opyola muyeso, pakuti ochuluka amachira kotheratu. Koma ngati patapita miyezi itatu mukali kubanika pa ntchito imene kale munkaichita mosavuta, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, kapena mapazi akutupa, pitani mukayezedwe BP ndi shuga, ndipo kumene kuli makina, pemphani ECG, imene imalemba magundidwe a mtima papepala. Kupweteka kwa pachifuwa, kukomoka, pakamwa kupotoka, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, zimenezo sizidikira mawa. Osewera mpira asathamangire kubwalo atangodzuka pamphasa, ndipo asipirini musamwe masiku onse popanda dokotala kukuuzani. Musaope kuti mudzaoneka ngati ovutitsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa anzanga a m'zipatala ndili ndi pempho limodzi: wodwala wa befu akakhala pamaso panu, makhololo ake atapezeka opanda TB, musafulumire kumlembera mankhwala a chifuwa ndi kumuuza kuti apite, mfunseni ngati anadwalapo Covid-19, mumuyeze BP, mumvetsere mtima wake. Zimenezi sizilira ndalama, ndipo tingathe kuzichita ngakhale m'chipatala chaching'ono cha kumudzi.