Galasi Lalikulu: Mmene Richard Hamilton Anapangiranso Ntchito ya Marcel Duchamp

Nkhani yathu ya lero iyambira ku Kabwata. Aliyense amene anafikako ku mudzi wa zachikhalidwe uja, m'mbali mwa msewu wa Burma, adziwa mmene amisiri amakhalira pakhomo pa nyumba zozungulira zofolera udzu, wina akusema mvuu, wina njovu. Mlendo wochokera ku Kabulonga akagula mvuu imodzi, m'mawa mwake pamalo pomwepo paima mvuu ina yofanana nayo ngati mapasa. Tsono funso nali: munthu akapanganso chimene mnzake anapanga kale, kodi wagwira ntchito yake, kapena wangoba nzeru za mwini? Funso lomweli linabuka ku England m'chaka cha 1966, ndipo chimene chinalidzutsa ndi galasi.

Mwini galasilo anali Marcel Duchamp, mbadwa ya dziko la France, amene anabadwa m'chaka cha 1887. Iye anayamba kulipanga ali ku New York m'chaka cha 1915, nalisiya m'chaka cha 1923, nanena kuti lidzakhala losatha chomwecho. Dzina lake lenileni ndi lalitali, lonena za mkwatibwi amene avulidwa ndi anyamata ake osakwatira, koma anthu amangoti Galasi Lalikulu. Msinkhu wake ndi masentimita 277, kupitirira chitseko cha kalasi yanu, ndipo m'lifupi ndi pafupifupi masentimita 176. Ali magalasi awiri, lina pamwamba pa linzake. Pamwamba pali mkwatibwi, amene saoneka ngati munthu konse koma ngati chilombo chouluka chosakanizika ndi makina. M'munsi muli anyamata 9, ooneka ngati zovala zopanda eni ake: china cha wansembe, china cha wapolisi, china cha mkulu wa pa siteshoni ya sitima. Pambali pao pali makina operera chokoleti, onga amene Duchamp anaona pa zenera la sitolo ku Rouen.

Chodabwitsa chachikulu ndi mapangidwe ake. Mizere sanailembe ndi burashi. Anapinda waya wa mtovu, wonga uja unkakumbidwa ku Kabwe, naumata pa galasi. Pofuna mtundu wa tisefa 7 timene tili pakati, analigoneka galasilo miyezi ingapo kuti fumbi la m'nyumba ligwerepo, kenaka analimata fumbilo ndi vanishi. Mnzake Man Ray anajambula chithunzi cha fumbi limenelo m'chaka cha 1920. Kuti apeze malo a tizibowo 9 ta pamwamba, anaviika timitengo ta machesi m'penti nkutiwombera ndi kamzinga koseweretsa ana, ndipo pamene kamtengo kanagunda ndi pomwe anaboola. Mwina ena mwa inu mukuseka. Nanenso ndinaseka tsiku limene ndinayamba kuziwerenga. Koma dziwani kuti chilichonse cha izi anachiganizira nthawi yaitali nachilemba pa timapepala.

Galasilo linaonetsedwa ku Brooklyn m'chaka cha 1926. Pobwezedwa kwa mayi Katherine Dreier, amene anali mwini wake pa nthawiyo, linasweka m'bokosi pa ulendo, ndipo zinadziwika patapita zaka, bokosi litatsegulidwa. Duchamp analilumikiza chidutswa ndi chidutswa m'chaka cha 1936, ndipo ming'aluyo anaikonda, nati yaonjezera kukoma. Kuyambira m'chaka cha 1954 laima m'nyumba ya zaluso ya ku Philadelphia, ndipo silingathenso kuyenda ulendo.

Apa ndi pamene alowera Richard Hamilton, wobadwira ku London m'chaka cha 1922. Iye awerengedwa pakati pa oyambitsa luso lotchedwa pop, ndilo luso lotenga zinthu za anthu wamba, monga zithunzi za malonda, magazini, zitini za chakudya ndi wailesi ya kanema, nkupanga nazo ntchito yoonetsa m'nyumba za zaluso. Chithunzi chake cha mu 1956, chimene anachipanga podula ndi kumata zidutswa za m'magazini a ku America, chidziwika dziko lonse. Ndiyenso anakonza chikuto choyera cha chimbale cha gulu la Beatles mu 1968. Munthu wotere, wokonda zonyezimira za m'sitolo, mungaganize kuti sakadataya nthawi ndi fumbi la nkhalamba. Komatu anali atawerenga kwa zaka zambiri timapepala ta Duchamp, timene tinasindikizidwa mu 1934 m'bokosi lobiriwira, ndipo mu 1960 anatulutsa buku la timapepalato m'Chingelezi, mothandizana ndi George Heard Hamilton amene anatanthauzira mawuwo.

Pamene nyumba ya Tate ku London inakonza zoonetsa ntchito za Duchamp mu 1966, Hamilton ndiye anapatsidwa udindo wosonkhanitsa ntchitozo. Koma ntchito yaikulu koposa zonse inali yosanyamulika. Chionetsero chopanda Galasi Lalikulu chikadakhala ngati ukwati wopanda mkwatibwi. Choncho Hamilton, ndi chilolezo cha mwini wake, anaganiza zolipanganso ku Newcastle, kumene ankaphunzitsa pa yunivesite.

Tcherani khutu pano, pakuti mtima wa nkhani uli apa. Njira yapafupi inali kutenga zithunzi za galasi la ku Philadelphia ndi kulondola mizere yake, monga amachitira mwana wa sukulu poika pepala lopyapyala pa mapu. Hamilton anaikana njira imeneyo. Iye anabwerera ku timapepala ndi miyeso ya Duchamp, nayenda njira yonse imene mwini anayenda: anayamba ndi kupanganso timagalasi tating'ono toyesera, kenaka anapinda waya, anasonkhanitsa fumbi, anapala siliva wa kalilole kuti atulutse mizere yozungulira ya m'munsi. Chimene Duchamp anachita zaka 8, iye anachitsiriza m'miyezi yopitirira pang'ono chaka chimodzi, kuyambira 1965 kufikira 1966. Ming'alu sanaitsanzire. Anafuna kuti anthu aone galasi monga linalili lisanagwe m'ngozi, mitundu yake isanazilale.

Kwa ine, apa ndi pamene wakuba asiyanira ndi mmisiri. Wotsanzira mwachinyengo amalondola khungu la chinthu, ndi zipsera zomwe, kuti ogula apusitsidwe, ndipo dzina lake amalibisa. Hamilton anachita monga kwaya imene iphunzira nyimbo kuchokera pa manotsi a woipeka nkuiyimba ndi mawu akeake, poyera. Nyumba zija za ku Kabwata nazonso zimafoleredwa udzu watsopano ukaola wakale, koma palibe anena kuti zasanduka zabodza, pakuti mafoleredwe ake ndi omwe aja. Komabe sindinganene kuti otsutsa alibe mfundo. Fumbi la ku Newcastle si fumbi la ku New York, ndipo munthu woimirira pa galasi losasweka saona chimene Duchamp mwini anavomereza kuti ndi mbali ya ntchito yake.

Duchamp anabwera ku London kudzaona chionetserocho. Ataliona galasi latsopano analisayina kumbuyo, naikapo mawu a Chifalansa akuti pour copie conforme. Awa ndi mawu a m'maofesi, onga chidindo chimene amadinda pa kope la satifiketi yanu ya sukulu kutsimikiza kuti lifanana ndi yeniyeni. Sichinali chachilendo kwa iye: mu 1961 anali atasayinanso galasi lina lotere, lopangidwa ndi Ulf Linde ku Stockholm. Anamwalira mu 1968, ndipo Hamilton anamwalira mu 2011.

Galasi la Hamilton linakhala chuma cha Tate mu 1975. Patapita zaka zosakwana khumi, gawo lake la m'munsi nalonso linasweka, ndipo linapangidwanso mu 1985. Motero m'kaundula wa Tate ntchito imodziyi ili ndi maina a amisiri awiri ndi nyengo zitatu: 1915 mpaka 1923, 1965 mpaka 1966, ndi 1985.