Kusankha choke ya mfuti yosakira mbalame za kumtunda

Posaka mbalame, mfuti ya shotgun siponya chipolopolo chimodzi. Imalavula machaka ang'onoang'ono mazanamazana, omwe amabalalika akangotuluka mu mpope. Kuti machakawo amwazike msanga kapena ayende ali pamodzi kwa kamtunda, zimadalira kufinyika kwa kukamwa kwa mpope, komwe alenje amakutcha choke. Zili ngati munthu wothirira dimba akatsina kukamwa kwa payipi: madzi amafika patali koma amagwera pamalo ochepa.

Luso limeneli linakhwima m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870. W. R. Pape wa ku Newcastle analembetsa njira yake mu 1866, ndipo W. W. Greener wa ku Birmingham ndiye anatchukitsa choke mfuti zake zitapambana pa mayeso mu 1875. Kale choke inkasulidwira mu mpope momwemo, osasinthika. Masiku ano mfuti zambiri zili ndi timapaipi tomangira kukamwa, ndipo mlenje amasintha ndi kasipanala kakang'ono asanalowe m'thengo.

Muyeso wake ndi wakalekale. Amawombera pepala lomwe lili pa mtunda wa mayadi 40, pafupifupi mamita 37, kenako n'kuwerenga machaka omwe agwera m'bwalo lotambalala mainchesi 30, kapena kuti masentimita 76. Mpope wosafinyika konse, wotchedwa cylinder, umaika machaka pafupifupi 40 pa 100 alionse m'bwalomo. Improved cylinder imafika cha pa 50, modified cha pa 60, pomwe full imafika 70. Chodabwitsa n'chakuti kusiyana konseku kumachokera pa kufinyika kochepetsetsa. Pa mfuti ya 12 gauge, yomwe mpope wake ndi wa mamilimita 18.5, improved cylinder imachepetsa kukamwa ndi mamilimita 0.25 okha, modified ndi theka la milimita.

Ku North America, komwe ulenje umenewu ndi mwambo waukulu, mtundu wa mbalame ndi malo omwe imakhala ndizo zimalamula. Ruffed grouse ndi woodcock zimabisala m'nkhalango zowirira za ku Minnesota, Michigan ndi Maine. Mbalame imabuka pafupi ndi mapazi, phokoso la mapiko lili phaphapha, n'kuzimiririka kuseri kwa mitengo m'kamphindi. Pamenepo pamafunika choke yotseguka monga skeet kapena improved cylinder ndi machaka ang'ono a nambala 7½ kapena 8. Zinziri za mtundu wa bobwhite ku Georgia ndi Texas nazonso zimadzuka gulu lonse pamphuno pa galu, choncho zimafuna choke yotseguka.

Nkhani ya pheasant ku South Dakota ndi yosiyana. Ndi mbalame yaikulu, ya nthenga zokhuthala ndi mafupa olimba, ndipo ikangovulazidwa imathamanga m'udzu osapezekanso. Kumayambiriro kwa nyengo yosaka, mu Okutobala, mbalame zimakhala zisanachenjere ndipo improved cylinder imakwanira. Pofika Disembala zotsalazo zimakhala zitamva kulira kwa mfuti kambirimbiri, moti zimauluka mlenje akadali kutali. Apa modified ndi machaka okulirapo a nambala 5 kapena 4 ndiye amathandiza. Chukar wa m'mapiri a miyala ku Idaho ndi Nevada amafunanso modified. Alenje a nkhanga ndi nkhwali ku South Africa amayendera nzeru yomweyi, popeza nkhanga nayo ndi yolimba ndiponso yochenjera.

Galu amasinthanso zinthu. Galu woima chilili kuloza pomwe mbalame yabisala amamufikitsa mlenje pafupi, pomwe galu wovumbulutsa mbalame angaidzutse patsogolo ndithu. Mfuti ya mipope iwiri imapeputsa vutoli: mpope woyamba umakhala wotseguka, wachiwiri wofinyikirapo, wolondola mbalame yomwe yatalikira.

Alenje ambiri amalakwitsa posankha choke yothina kwambiri, poganiza kuti imawonjezera mphamvu. Siwonjezera mphamvu ayi, imangosonkhanitsa machaka. Pa mamita 15, full imaponya machaka mothithikana kwambiri, moti kuphonya n'kosavuta, ndipo mbalame ikalasidwa nyama yake imanyenyeka osadyekanso. Komabe choke yotseguka kwambiri ili ndi vuto lake loipirapo. Patali, machaka amasiya mipata, mbalame n'kulasidwa ndi limodzi kapena awiri, n'kukafera kutchire pang'onopang'ono. Mlenje wosamala sawombera mbalame yomwe yapitirira mtunda woyenera choke yake.

Machaka achitsulo safanana ndi a mtovu. Dziko la United States linaletsa mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, ndipo California inauletsa pa ulenje wonse mu 2019. Chitsulo n'cholimba, sichiphwatalala podutsa pothina, choncho chimayenda mothithikana kuposa mtovu. Ambiri amatsegula choke ndi sitepe imodzi akamagwiritsa ntchito chitsulo, ndipo sichiyenera kudutsa mu full ya mfuti yakale, chifukwa chingatupitse mpope.

Dzina lolembedwa pa choke ndi chongoyerekeza chabe, poti mfuti iliyonse ndi mtundu uliwonse wa katiriji zimachita mosiyana. Choonadi chimaoneka papepala. Mlenje amakhoma pepala lalikulu pamalo otetezeka, pa mtunda womwe iye amawomberera mbalame nthawi zambiri, n'kuwombera kangapo, pepala latsopano ulendo uliwonse. Akaona mipata yoti mbalame ingadutsemo, amathinitsa choke kapena kusintha katiriji. Akaona machaka ataunjikana pakati m'mphepete muli mbee, amaitsegula.