KUSINTHA MTUNDU WA MTENGO WA MFUTI

Alimi ena ali nayo mfuti yopirikitsira nguluwe ndi anyani m'minda ya cimanga. Mtengo wace ukatuwa, kapena ukanyezimira padzuwa ndi kucenjeza nyama, mwini afuna kuupaka mtundu wina. Ici ncabwino, koma dziwani kuti utoto wopaka pamwamba pa wakale sukhalitsa. Pofika dzinja usupuka, madzi nalowa, mtengo nung'aluka.

Poyamba onetsetsani kuti m'mfuti mulibe cipolopolo kapena wonga, ndipo patulani mtengo ku citsulo. Palani utoto wonse wakale ndi cibenthu ca botolo, nimukwece ndi sandipepa motsata utali wa mtengo, osati mopingasa iai. Pamene mtengo ukumana ndi citsulo musapalepo kwambiri, pakuti mfuti ikayamba kugwedera siombanso molunjika.

Tsono pakani mtundu woderako, wosanyezimira, pang'onopang'ono ndi kansaru. Uume pamthunzi tsiku lathunthu, cifukwa dzuwa licititsa ming'alu. Utauma, tikitani ndi cikhato madontho owerengeka a mafuta a linisidi, nimupukute otsala. Citani cotero kamodzi pa tsiku kwa masiku 5 kapena 6. Mafuta a galimoto musapakepo, cifukwa afewetsa mtengo. Nambala ya mfuti nayonso musaiphimbe ndi utoto, popeza ndiyo yolembedwa pa laisensi yanu.

Cenjerani ndi nsaru zamafutazo. Zikaunjikidwa pamodzi zitentha, ndipo zikhoza kuyaka zokha ndi kutentha nyumba yaudzu. Zimizeni m'madzi mukatha nchito.