Khutu la Mlendo: Makina Olemba Zimene Tilankhula

Lero tikamba za makina amene amamva munthu akulankhula nalemba mawu akewo, ndiponso za vuto limene limabuka makinawo akamagwira ntchito m'kompyuta yokhala m'kati mwa kompyuta inzake.

Mtolankhani wa pawailesi akapita ku Lobi, m'mapiri a Dedza kufupi ndi malire a Mozambique, kukacheza ndi alimi a mbatata ya kachewere, kabichi ndi matimati, amabwerako ndi mawu ojambulidwa a maola awiri kapena atatu. Asanakonze pulogalamu ayenera kumvetsera zonsezo nazilemba, ndipo ntchito imeneyi imatha tsiku lathunthu. N'chifukwa chake ambiri a ife timalakalaka makina otilembera. Makina otere si achilendo. M'chaka cha 1952 akatswiri a Bell Laboratories ku America anapanga otchedwa Audrey, amene ankazindikira manambala okha, ndipo mu 1997 kunabwera Dragon NaturallySpeaking, pulogalamu ya Windows yolemba munthu akulankhula mosadukiza.

Tsono pali anthu amene kompyuta yawo imayendera Linux koma pulogalamu imene akuifuna imafuna Windows. M'malo mogula kompyuta yachiwiri, iwo amagwiritsa ntchito VirtualBox kapena VMware kupanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa yeniyeniyo. Akatswiri amaitcha virtual machine, koma ife tiitche mlendo, ndipo kompyuta yeniyeni tiitche mwini nyumba. Monga tidziwa, mlendo sakwera yekha m'nkhokwe. Chilichonse chimene afuna chimadzera m'manja mwa mwini nyumba. Mawu nawonso amayenda chimodzimodzi.

Maikolofoni ikalandira mawu, kompyuta imawasandutsa manambala, ndipo mapulogalamu ambiri ozindikira mawu amafuna manambala 16,000 pa sekondi iliyonse, obwera mondondozana popanda kudumpha. Koma mlendo uja alibe khutu lakelake. Mwini nyumba ndiye amayamba kumva, kenaka n'kumapatsira mlendo pang'onopang'ono, ndipo akatanganidwa ndi ntchito zina, tizidutswa tina ta mawu timachedwa kapena kutayika kumene. Munthu sangazindikire kuti pasowa kanthu, pakuti khutu lathu limadzaza lokha mipata yotere. Makina sachita zimenezo. Taganizani za mawu akuti "phala" ndi "pala", kapena "khola" ndi "kola". Chimene chimawasiyanitsa ndi kampweya kakafupi kwambiri kotuluka m'kamwa, ndipo kampweyako kakatayika panjira, mlimi amene anati wamanga khola adzalembedwa zina zosamveka. Ambiri akaona zotere amadzudzula pulogalamu kapena kukagula maikolofoni yodula, pamene vuto lili panjira imene mawu adzera.

Njira yothetsera vutoli ilipo. Maikolofoni yolumikiza pa USB imasandutsa yokha mawu kukhala manambala, ndipo mungathe kuuza VirtualBox kapena VMware kuti aipereke yonse kwa mlendo. Mukatero mlendo amalandira mawu kuchokera ku maikolofoniyo, osadzeranso m'khutu la mwini nyumba, ngakhale kuti mwini nyumbayo saigwiritsanso ntchito kufikira mutaibweza. Musadalire maikolofoni yobwera ndi laputopu. Kusunga mlendo kumatopetsa kompyuta, ikatentha chopemerera chake chimalira, ndipo maikolofoni imene ili pafupi nacho imamva chopemereracho kuposa munthu. Koma kwa ife a pawailesi, ine ndiona kuti njira yoposa zonse ndiyo kujambuliratu mawu pa makina ojambulira kapena pafoni, kenaka n'kupereka kwa mlendo mawu ojambulidwa kalewo. Pamenepo palibenso chothamangira, ndipo ngakhale kompyuta itachedwa, sipatayika kanthu. Kungoti pojambulapo kumbukirani mphepo ya ku Lobi ya mu Juni ndi Julaye: valikani maikolofoni kachipewa kake ka siponji, ndipo nthawi ya dzinja musajambulire m'nyumba yamalata mvula ikugwa.

Mawu akafika bwino, patsala funso lina lalikulu: kodi makinawo amachidziwa Chichewa? Makina amaphunzira chilankhulo pomvetsera anthu ambirimbiri pamodzi ndi kuona zolembedwa za mawu awowo. Dragon sanaphunzitsidwe Chichewa. Whisper, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2022 itaiphunzitsa ndi mawu a maola 680,000, inali ndi Chiswahili ndi Chishona pamndandanda wake, koma Chichewa panalibe. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa makina ozindikira zilankhulo zoposa 1,100, Chichewa chili m'gulumo, ndipo mawu ambiri owaphunzitsira anachokera kwa anthu owerenga Chipangano Chatsopano. M'chaka chomwecho akatswiri a pa yunivesite ya Zambia anafalitsa Zambezi Voice, nkhokwe ya mawu a Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi.

Zimenezi n'zoyamikika, komabe wowerenga Baibulo amawerenga modekha, m'chipinda chachete, mawu okonzedwa kale. Mayi wa ku Lobi amene akufotokoza za chiwawu chimene chagwira mbatata yake salankhula choncho. Amafulumira, amadula mawu, amatchula mayina a mankhwala ndi a mbewu amene m'Baibulo mulibe, mnzake namudula pakamwa, ana akusewera pambali. Choncho zimene makina alemba tizizitenga monga zolemba za mwana wasukulu zofunika kuchongedwa. Mkonzi wa pulogalamu avale zomvera m'makutu, amvetserenso, makamaka pamene patchulidwa mitengo ya mbewu, muyeso wa mankhwala ndi mayina a midzi, pakuti nambala imodzi yolakwika youlutsidwa pawailesi ingathe kumuwonongera mlimi dimba lonse.